Kodi makamera a mafilimu akunja angafike ku Milonde? Phiri tili nalo, koma kukongola pakokha sikokwanira

Amene munaonera Blood Diamond, filimu ya mu 2006 ya Leonardo DiCaprio, mukudziwa kuti nkhani yake ndi ya nkhondo ya ku Sierra Leone. Koma mbali yaikulu ya filimuyi anaijambula ku Mozambique ndi ku South Africa. Filimu ya Ali ya mu 2001, momwe Will Smith anasewera ngati katswiri wa nkhonya Muhammad Ali, imaonetsa mzinda wa Kinshasa, pomwe makamera anali ku Maputo. Hotel Rwanda nayo, gawo lalikulu linajambulidwa ku South Africa.

Ndiye kuti filimu siimapita kumene nkhani inachitikira ayi. Imapita kumene kuli kosavuta kugwira ntchito komanso kumene ndalama ikuchita zambiri. Kwa ife a ku Milonde, m'dera la mfumu yaikulu Mabuka, Mozambique ndi kwa aneba, si kutali. Funso limene landivuta ndi ili: ngati aneba analandirapo alendo otere, chikuletsa n'chiyani kuti tsiku lina magalimoto a makamera aime m'munsi mwa phiri la Mulanje?

Zomwe tili nazo kale

Pa nkhani ya malo, palibe amene angatiderere. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Kuli thanthwe la Chambe, Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, mkungudza umene kwawo kwenikweni ndi paphiri pomwepa, ndi minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse, yomwe mbiri yake inayamba cha m'ma 1890. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika kutetezedwa padziko lonse. Gule wathu wa Tchopa analowa kale pa mndandanda wina wa bungwe lomweli mu 2014.

Munthu wofuna nkhungu ya m'mawa, mathithi, msika wa pamalire ngati wa ku Muloza, kapena nyumba zakale za m'maesiteti, zonsezi angazipeze tsiku limodzi popanda kukwera ndege. Koma anzanga, mapiri okongola ali mbwee padzikoli. Opanga mafilimu akakhala pansi kusankha dziko, amayamba ndi kalikyuleta.

Nyambo yoyamba: kubweza ndalama

Njira imene mayiko ambiri akugwiritsa ntchito ndi yobwezera kampani gawo la ndalama zomwe yawononga m'dzikomo. Zimayenda chonchi: kampani imabwera, imalemba anthu ntchito, imalipira mahotela, magalimoto ndi chakudya, n'kusunga malisiti onse. Ntchito ikatha, boma limawerengetsera, kenako limabweza gawo lomwe linalonjeza.

Dziko la Morocco linayamba kubweza 20 peresenti, ndipo mu 2022 linakweza kufika pa 30. Kunena kwina, pa K100 iliyonse yovomerezeka imene kampani yagwiritsa ntchito, K30 imabwerera m'thumba mwake. Tauni ya Ouarzazate, yomwe ili m'mphepete mwa chipululu, yakhala ikulandira ntchito zikuluzikulu ngati Gladiator ndi Game of Thrones. South Africa inaika 25 peresenti kwa makampani akunja. Chilumba cha Mauritius chimabweza kuyambira 30 mpaka 40 peresenti. Ngakhale Wakanda wa mu Black Panther, dziko la ku Africa longopeka lija, zambiri anazimangira mu mzinda wa Atlanta, chifukwa dera la Georgia ku America limachotsera msonkho mpaka 30 peresenti.

Mwina mukufunsa kuti boma lingapatsirenji ndalama anthu olemera kale. Yankho la mayikowa ndi loti K70 yotsalayo imakhala m'dziko momwemo, m'manja mwa akalipentala, atelala, madalaivala, ophika ndi eni malo ogona, ndipo ikanapita kwina akanapanda kuponya nyambo. Komabe nyambo imagwira ntchito pokhapokha lonjezo likusungidwa. Ku South Africa komweko, m'zaka zapitazi anthu a mafilimu akhala akuchita zionetsero podandaula kuti ndalama zobwezazo zikuchedwa kwambiri. Lonjezo lochedwa limathamangitsa alendo kuposa kusalonjeza kumene.

Nyambo yachiwiri: khomo limodzi

Taganizani munthu wabwera ndi makontena a makamera, magetsi ojambulira ndi ma drone. Akufunika chilolezo chojambula, ziphaso zogwirira ntchito, chilolezo cholowetsa katundu amene adzatulukenso, chilolezo cha a zankhalango, cha apolisi ngati atseke msewu, komanso mawu a mfumu ya deralo. Tsiku lililonse lodikira ndi ndalama, poti anthu ambirimbiri amakhala akudya ndi kugona pa bilu ya kampani.

Ndi chifukwa chake mayiko ena anakhazikitsa ofesi imodzi yoyendetsa zonsezi. Namibia inapanga lamulo lokhazikitsa Namibia Film Commission mu 2000, Kenya inatsegula Kenya Film Commission mu 2005. Ntchito ya maofesi otere ndi kuyankha msanga, kusunga zithunzi za malo ojambulirako, komanso kukhala ndi mndandanda wa anthu a luso omwe alipo. Mwayi umapeza wokonzeka. Mad Max: Fury Road inkayenera kujambulidwa ku Broken Hill ku Australia, koma mvula itagwa chipululu chija chinamera maluwa. Gulu lonse linasamukira ku Namibia mu 2012, pafupi ndi Swakopmund.

Nyambo yachitatu: anthu odziwa ntchito

Filimu yaikulu imadya anthu ochuluka amene sitiwaona pa sikirini: oyala mawaya, ogwira maikolofoni, opaka utoto, osoka zovala, okonza tsitsi, owerengera ndalama. Ngati onsewa akuyenera kukwera ndege kuchokera kunja, mtengo umakwera. Cape Town Film Studios, yomwe inatsegulidwa mu 2010, imakopa ntchito ngati One Piece ya Netflix chifukwa nyumba zojambuliramo, zipangizo ndi amisiri zili pamalo amodzi.

Apa mpamene ife tikuchepekedwa. Kuwonjezera apo pali zomwe tonse tikuzidziwa: kuzima kwa magetsi, mizere ya mafuta, kusowa kwa ndalama zakunja, ndi misewu ya fumbi imene nthawi ya dzinja imasanduka phala. Namondwe Freddy mu March 2023 anationetsa momwe milatho ya kuno ingachokere usiku umodzi. Amene akukonza bajeti ku London amaziwerengera zonsezi.

Zinachitikapo ku Kasungu

Sikuti n'zosatheka. Mu 2017 Chiwetel Ejiofor anabwera ndi gulu lake kudzajambula The Boy Who Harnessed the Wind ku Wimbe, m'boma la Kasungu, kwawo kwa William Kamkwamba, mnyamata amene anapanga makina amphepo opangira magetsi. Akanatha kuijambula ku Kenya kapena ku South Africa monga ena amachitira, koma anasankha malo enieni, ndipo iye mwini anaphunzira Chichewa cha mbali yomwe ankasewera. Filimuyi inaonetsedwa ku Sundance mu January 2019, n'kufika pa Netflix mu March chaka chomwecho. Lily Banda wa konkuno anasewera ngati mchemwali wake wa William, Gule Wamkulu anaonekera dziko lonse lapansi.

Inde, ambiri tinaseka Chichewa cha ena mwa azisudzo, poti William anaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Koma phunziro lalikulu kwa ine ndi ili: chimene chinakoka makamera aja sinali nyambo ya ndalama. Inali nkhani yathu, yomwe inayamba kutchuka ngati buku mu 2009. Dziko lopanda thumba lalikulu lingapikisane ndi nkhani zimene sizipezeka kwina. Ku Mulanje zilipo: moyo wa otchola tiyi, thangata, anyamata onyamula katundu wa alendo paphiri amene amathamanga Porters Race chaka ndi chaka, mabanja a mbali zonse za malire, ndi zimene agogo amasimba za mizimu ya ku Sapitwa.

Anthu athu a mafilimu aonetsanso kuti luso lilipo. Joyce Mhango Chavula anapata mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu ya Lilongwe. Shemu Joyah anachitanso chimodzimodzi mu 2018 ndi The Road to Sunrise, yomwe inakhala filimu yoyamba kuimira Malawi ku mpikisano wa Oscars. Mlendo akabwera amafunsa kaye eni mudzi, ndipo eni mudzi pa ntchitoyi ndi anthu ngati amenewa.

Kalumo kakuthwa kamachekanso

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ku New Zealand, mafilimu a The Lord of the Rings anasandutsa famu ya nkhosa ku Matamata kukhala malo amene alendo amapitako mpaka lero. Koma ku Thailand, gombe la Maya Bay, lomwe linatchuka ndi filimu ya The Beach, boma linalitseka mu 2018 chifukwa alendo anachuluka mpaka kuwononga zamoyo za m'nyanja. Ku Namibia nako kunamveka madandaulo oti magalimoto a Mad Max anasiya zipsera m'chipululu.

Phiri lathu si pepala loyera loti aliyense ajambulepo zomwe akufuna. Limamwetsa madzi midzi yambiri ndi minda, lili ndi malo opatulika, ndipo mkungudza wake watsala pang'ono kutheratu. Mgwirizano uliwonse uyenera kunena poyera kumene kamera ingafike ndi kumene singafike, malipiro a mwini munda kapena nyumba yojambulidwa, ndi malipiro a mayi amene aime tsiku lonse padzuwa ngati mmodzi wa chikhamu cha pamsika. Zisathere pa botolo la zakumwa ndi tisheti.

Tiyambire pati?

Sindikuona Malawi akupikisana ndi Morocco pa maperesenti posachedwapa, pomwe zipatala zikufuna mankhwala. Koma pali zotsika mtengo zimene tingayambe nazo: ofesi imodzi yopereka zilolezo m'masiku odziwika, njira yosavuta yolowetsera zipangizo zobwereka, ndi lamulo loti gulu lililonse lakunja lizitenga achinyamata angapo a m'deralo kuti aphunzire ntchito. Tisadikirenso Hollywood yokha. Otsatsa malonda, ojambula nyimbo, opanga mapulogalamu a zachilengedwe ndi makampani a ku Nigeria, Kenya kapena South Africa amabwera ndi magulu ang'onoang'ono omwe malo athu ogona angakwanitse kuwasunga.

Nanga inu amene mukuwerenga pafoni? Ofufuza malo ojambulira masiku ano amayambira pa Instagram, YouTube ndi Google Maps. Chithunzi chabwino cha mtsinje, mlatho kapena msika wa kwanu, cholembedwa dzina lenileni la malowo ndi mwezi umene mwachijambula, chili ndi ntchito kuposa momwe mukuganizira. Ngati ndinu telala, kalipentala, wamagetsi kapena dalaivala, sungani zithunzi za ntchito zanu. Ndipo khansala kapena phungu akabwera pa msonkhano wa chitukuko, mufunseni funso limodzi losavuta: munthu wofuna kujambula filimu m'boma la Mulanje agogode pakhomo liti, ndipo ayankhidwa pakapita masiku angati?