Ofuna kukagona pa nyanja ayang'ane boti asanapereke ndalama

FURANCUNGO — Anthu a m'maboma a Tsangano ndi Macanga nyanja amaidziwira m'mbale. Usipa ndi utaka zimafika pa misika ya m'malire monga wa Lizulu zitauma kale, ndipo kapenta amakwera kuchokera ku Cahora Bassa ali m'matumba. Madzi enieniwo ambiri sanawapondepo, chonsecho kuchoka pa Biriwiri kapena pa Calomue kukafika ku Monkey Bay ndi ulendo wosatha tsiku. Tsono fodya akagulitsidwa, kachewere akakumbidwa, ana a ku Joni akabwera kudzaona makolo, nkhani yokaona nyanja siichedwa kutuluka pa bwalo ngakhalenso pa msonkhano wa kwaya.

Pali mtundu wina wa ulendo umene alendo ochokera kunja amaukonda kwambiri. Iwo amalipira boti loti azidyeramo ndi kugonamo kwa masiku asanu kapena sabata yathunthu, likuyenda chilumba ndi chilumba. Kukacha amavala magalasi, nabereka botolo la mpweya kumsana, nalowa pansi pa madzi kukaona nsomba. Munthu wa kuno nkhaniyi imamukhudza pawiri. Akhoza kukwera ngati mlendo, pamodzi ndi anzake a mpingo kapena a kalabu ya alimi. Akhozanso kukwera ngati wantchito, wophika kapena wokoka zingwe. Onse awiriwa usiku amagona m'boti limodzi, ndipo likachita ngozi madzi safunsa kuti walipira ndani, walipidwa ndani.

Madzi oyenera ulendo wotere amene ali pafupi ndi kuno ndi a nyanja ya Malawi, imene m'dziko muno imatchedwa Lago Niassa. Kutalika kwake ndi makilomita oposa 550, ndipo pamalo pozama kwambiri imafika mamita pafupifupi 700. Muli mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja la chambo, ndipo tokongola kwambiri ndi tinsomba ta m'miyala totchedwa mbuna, tabuluu, tachikasu ndi tamizeremizere, timene sitipezeka mwachilengedwe kwina kulikonse. Ndi chifukwa cha tinsombati kuti dziko la Malawi linakhazikitsa malo otetezedwa ku Cape Maclear m'chaka cha 1980, ndipo mbali ya Mozambique inatetezedwanso m'chaka cha 2011. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu zili m'madzi a Mozambique, moti munthu ali pa Likoma gombe la ku Cobué amaliona ndi maso, koma zilumbazo ndi za Malawi. Choncho pasipoti ndi makwacha zisatsale.

Ku Cahora Bassa nakonso kuli maboti ogonamo, koma ndi a anthu opita kukawedza. Kumeneko kuli ng'ona ndi mvuu, si kolowa m'madzi. Ku nyanja ya mchere kuli zilumba za Bazaruto, kufupi ndi Vilankulo, koma ndi kutali ndiponso kodula, pamene ku Quirimbas, m'chigawo cha Cabo Delgado, nkhondo imene inayamba m'chaka cha 2017 inasokoneza maulendo a alendo.

Sitima yakale ndi maboti a hayala

Wofuna kugona pa madzi pa mtengo wofikirika amayamba waganiza za sitima ya Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, inabwera zidutswazidutswa pa doko la Beira, niyenda pa njanji kudutsa pa mlatho wa Dona Ana ku Mutarara, m'chigawo chino cha Tete, ndipo inayamba ntchito pa nyanja m'chaka cha 1951. Imayenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, kudzera ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Muli tizipinda togonamo ta olipira zambiri, muli malo a pamwamba pamene munthu amayala mphasa kapena matiresi, ndiponso malo a pansi a mtengo wotsika, kumene anthu amakhala pamodzi ndi matumba a chimanga ndi madengu a nsomba. Sitimayi yakalamba, ndipo nthawi zina imaima kuti ikonzedwe, kotero tsiku lonyamuka lifunsidwe ku doko ulendo usanayambike. Komanso Ilala siidikira munthu kuti asambire. Imangomufikitsa ku chilumba, zotsalazo akapangane ndi a pa gombe.

Apa ndi pamene pamabwera maboti a hayala, ena a matabwa, ena a zitsulo, amene gulu limalipira kuti liwatenge masiku angapo. Mwini boti amaonetsa chithunzi pa foni: penti yatsopano, mipando yofewa, wailesi yoimba. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Penti imagulidwa pa sitolo iliyonse. Zimene zimapulumutsa munthu pa madzi sizioneka pa chithunzi, ndipo ngozi zinayi zodziwika bwino zikusonyeza zimenezo, iliyonse mwa njira yake.

Yoyamba ndi ya kuno kwathu ku Mozambique. Pa 7 Epulo 2024 boti lophera nsomba linanyamuka ku Lunga, m'boma la Mossuril, kulunjika ku Ilha de Moçambique, litanyamula anthu pafupifupi 130. Silinali boti lonyamula anthu, ndipo linadzaza mopyola muyezo. Linamira, ndipo anthu oposa 90 anafa, ambiri mwa iwo ana. Dziko lonse linalira masiku atatu. Boti lililonse lololedwa kunyamula anthu limakhala ndi chikalata cha boma chonena chiwerengero cha anthu oyenera kukwera. Mtsogoleri wa gulu achione chikalatacho ndi maso ake, awerenge anthu, kenaka awerenge makolete, zovala zija zoyandamitsa munthu pa madzi. Akhale okwanira aliyense, a ana akhale a msinkhu wa ana, ndipo asakhale otsekeredwa m'bokosi limene kiyi wake ali m'thumba la munthu mmodzi. Chizolowezi cha pa chapa chomati sunthani pang'ono alowe mmodzi, pa madzi chimapha.

Yachiwiri ndi ya moto, ndipo ndi imene anthu a kumtunda saiganizira, poyesa kuti pa madzi moto sungavute. Usiku wa pa 2 Sepitembala 2019, kufupi ndi chilumba cha Santa Cruz ku California, boti la osambira pansi pa madzi lotchedwa Conception linayaka anthu ali m'tulo. Anthu 34 anafera m'chipinda chogona cha pansi. Ofufuza anapeza kuti usikuwo panalibe wantchito woyendayenda kulondera, ngakhale lamulo linkafuna kuti akhalepo, ndipo makomo onse awiri a chipindacho ankatulukira m'chipinda chimodzi cha pamwamba, chomwe chinali chitagwira kale moto. Kaputeni wake anapezeka wolakwa m'chaka cha 2023. Izi zinachitika m'dziko lolemera, pa boti lokhala ndi zikalata zake zonse. Kotero wosankha boti atsikire kumene adzagone, aone makomo angati, ndipo lachiwirilo alitsegule yekha, ayese ngati mayi wamkulu thupi kapena gogo angatulukirepo mumdima. Afunse kuti usiku amalondera ndani. Aone pamene pali zigubu za petulo, pamene pali mbaula kapena botolo la gasi, ndi pamene pali chozimitsira moto. Ngati zigubuzo zili pa khomo la chipinda chogona, akambirane ndi boti lina.

Ndalama zimabwera pamodzi ndi mwera

Tione tsopano ngozi ziwiri zotsalazo. Pa 25 Novembala 2024 boti la alendo lotchedwa Sea Story linagubuduzika usiku pa Nyanja Yofiira, kufupi ndi Marsa Alam ku Egypt. Anthu 11 anafa kapena kusowa. A zanyengo anali atachenjezeratu za mafunde. Pa nyanja ya Malawi pomwepa, pa 30 Julayi 1946, sitima ya Vipya, imene inali itangoyamba ntchito chaka chomwecho, inamira pa mphepo yamkuntho kumpoto, kumunsi kwa phiri la Livingstonia, ndipo anthu 145 anafa.

Mwezi wa Julayi umenewu alimi a kuno auonetsetse. Mphepo ya mwera imaomba kuchokera kummwera kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti, ndipo imautsa mafunde oti munthu wozolowera mtsinje wa kumudzi sangawakhulupirire. Tsoka ilo, nyengo imeneyi ndi yomwenso misika ya fodya imakhala yotsegula ndipo ndalama zili m'thumba. Nyanja imadekha cha m'Sepitembala, Okutobala mpaka mvula isanayambe, ndipo ndi pamenenso madzi amayera, nsomba n'kumaoneka patali. Zoona, miyezi imeneyi ku Macanga anthu amakhala otanganidwa ndi kuthirira nazale. Koma kusiyira mbale nazale masiku anayi n'kopepuka kusiyana ndi kukumana ndi mwera pakati pa nyanja. Woyendetsa amene akunena kuti lero sitinyamuka, tidikire mphepo igwe, ameneyo ndiye wodziwa ntchito, ngakhale gulu lidandaule kuti tsiku lalipiridwa likutha. Ndi bwino kupangana ulendo usanayambe kuti tsiku lotayika chifukwa cha mphepo lidzawerengedwa bwanji, kuti pasakhale womukakamiza.

Pa za ndalama, chikole chiperekedwe munthu ataliona boti, ndipo mtengo ulembedwe pa pepala: mafuta, chakudya, malipiro olowera m'malo otetezedwa, zonse zitchulidwe. Kwacha imasintha mphamvu, monga m'Novembala 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mtengo wopangana pakamwa miyezi itatu yapitayo ukhoza kukakanidwa pa gombe.

Kulowa pansi pa madzi

Kuona mbuna sikulira botolo la mpweya. Ndi magalasi ndi kapaipi kopumira, munthu atavala kolete, akhoza kuyandama pamwamba pa miyala n'kuona zambiri. Kwa gulu la kumudzi, limene ambiri sadziwa kusambira, apa ndi pokwanira. Ofuna kutsika ndi botolo ayambe aphunzira. Ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear kuli aphunzitsi a ntchitoyi, maphunziro oyamba amatenga masiku atatu kapena anayi, ndipo chikalata chake chimalola munthu kutsika mamita 18 okha. Boti loyenera likhale ndi mphunzitsi woonetsa chikalata chake, botolo la okosijeni lothandizira wodwala, ndi munthu wotsala pamwamba kuwerenga olowa ndi otuluka. Makina opopera mpweya m'mabotolo asakokere utsi wa injini, chifukwa utsi umenewo ukalowa m'botolo umakomola munthu ali pansi.

Pali chinthu china chimene chimakhudza anthu a kuno kuposa alendo ena onse. Munthu akakhala pansi pa madzi, mpweya wina wotchedwa nayitirojeni umalowerera m'magazi ndi m'minofu chifukwa cha kulemera kwa madzi. Akakwera mofulumira, mpweyawo umachita thovu m'thupi, monga zimachitikira potsegula botolo la chakumwa. Zotsatira zake ndi kuphwanya kwa mfundo, dzanzi, kufa ziwalo, ngakhale imfa. Ndi chifukwa chake osambira amauzidwa kuti asakwere ndege mpaka patadutsa maola 18 ngati analowa kangapo, ndipo ambiri amadikira tsiku lathunthu. Mlimi wa ku Tsangano anganene kuti iye ndege sakwera. Koma nyanja ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene Dedza ali pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mapiri olimidwa tirigu ku Tsangano nawonso ali m'mwamba chomwecho. Galimoto yokwera chitunda cha ku Golomoti imamukweza munthu mamita oposa 1,000 m'nthawi yochepa, ndipo thupi silisiyanitsa ndege ndi galimoto. Zipatala zokhala ndi makina ochizira matendawa zili kutali, monga ku Durban. Amene walowa ndi botolo lero agonenso usiku umodzi pa gombe, chitunda akwere mawa.

Pobwerera kumudzi pakhalenso maso pa likodzo. Tizilombo take timakhala m'nkhono za m'madzi osaya, makamaka m'mabango ndi pa magombe a midzi, ndipo ku Cape Maclear matendawa ndi odziwika. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono. Onse amene analowa m'madzi apite ku chipatala cha ku Furancungo kapena cha ku Tsangano pakatha miyezi iwiri, akanene kumene anasamba, ngakhale mkodzo ukuoneka woyera.