Msilikali kusinthana ndi msilikali: njira yakale ya akuda pa xadrez

Odziwa bawo ndi ntchuva amanena kuti wodya msanga si ndiye amapambana nthawi zonse. Pa masewero a xadrez, amene ku Malawi amati tchesi, ilipo njira yoyambira imene imayesa mawu amenewa. Dzina lake pa Chipwitikizi ndi Defesa Escandinava.

Imayenda motere. Woyera amasuntha msilikali wa patsogolo pa mfumu kufika pa e4. Wakuda amayankha pomwepo ndi msilikali wa patsogolo pa mfumukazi, pa d5. Woyera amadya msilikali uja, ndipo mfumukazi yakuda imabwezera kudya. Aliyense wangosuntha kawiri, koma asilikali awiri apakati atuluka kale m'bwalo.

Phindu la wakuda nlakuti bishopu wake wa pa c8 watsegukiridwa njira yopita pa f5 kapena g4. Koma mtengo wake ulipo. Woyera amatulutsa kavalo pa c3 kuopseza mfumukazi, ndipo iyo imathawira pa a5, d6 kapena kubwerera kwawo pa d8. Pamene wakuda akusuntha chida chimodzi kawiri, mnzake akutulutsa zida zatsopano.

Njirayi si ya lero. Inalembedwa mu mzinda wa Valencia, ku Spain, cha m'ma 1475, pa masewero a Francesc de Castellví ndi Narcís Vinyoles, ndipo wakuda anagonja. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaipeputsa. Mu 1979 ku Montreal, Bent Larsen wa ku Denmark anagonjetsa nayo Anatoly Karpov, amene pa nthawiyo anali katswiri wa dziko lonse. Mu 1995 ku New York, Viswanathan Anand wa ku India anaiyesa polimbirana ukatswiri ndi Garry Kasparov. Anayamba bwino koma anagonja. Mu 2014 ku Tromsø, Magnus Carlsen anapambana nayo Fabiano Caruana.

Ophunzira amaikonda chifukwa zoloweza pamtima nzochepa. Ngozi imagwera amene ayendetsa mfumukazi yekhayekha, kusaka asilikali a mnzake, akavalo ndi mabishopu ake akali kwawo. Mfumukazi ikatsekeredwa, masewero atha. Nchifukwa chake odziwa amafulumira kuika msilikali pa c6, kuti mfumukazi ikhale ndi njira yobwerera pa c7 kapena d8, kenaka amatulutsa zida zina ndi kubisa mfumu.