Jumbo ndi tepi siziteteza munthu ku magetsi

Mvula ikayamba mu Novembala, pitani pamalo otsukira magalimoto, m'mashedi a owotcherera zitsulo kapena pa pampu ya m'munda wothirira. Mudzapeza ekisitenshoni ya pabalaza ili pansi, yokulungidwa m'jumbo, pakamwa pake atamatapo tepi. Ine monga mmisiri wa magetsi ndimati pulagi ya pamalo onyowa sitiisankha poona ngati makina akuyenda, pakuti pulagi iliyonse ikhoza kuyendetsa makina. Timaisankha poona madzi amene izikumana nawo, ndipo ngakhale yabwinoyo siikwanira payokha.

Nkhani yagona pakhungu. Khungu louma limatchingako magetsi, koma likanyowa, munthu ataima m'matope ndi mapatapata, mphamvu yotchinga ya thupi lonse imatsikira ku ma ohm pafupifupi 1,000. Magetsi a ESCOM a m'masoketi ndi 230V, choncho m'thupi lotero mungadutse ma milliamp oposa 200. Pa ma milliamp 10 okha dzanja limayamba kukanika kusiya chimene lagwira, ndipo akapitirira 50 mtima ukhoza kusokonekera kagundidwe. Tsono fyuzi ya m'pulagi yathu ya mano atatu ija ndi ya ma amp 13, ndiye kuti ma milliamp 13,000. Munthu angafe atagwira payipi yotsukira galimoto, fyuziyo ili bwinobwino. Anaiikamo kuti waya asapse, ndipo buleka ya pabokosi la m'nyumba ntchito yake ndi yomweyo.

Pa pulagi ndi soketi za panja pamalembedwa zilembo IP ndi manambala awiri, motsata muyezo wa IEC 60529. Nambala yoyamba imanena za fumbi ndi tizinthu tolimba, yachiwiri imanena za madzi. IP44 imapirira madzi othovukira kuchokera mbali iliyonse, monga mpemera wa mvula pansi pa khonde. IP66 imapirira madzi opopedwa mwamphamvu. IP67 silowa fumbi, ndipo anaiyesa poimiza m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Mapulagi a m'mafakitale, ozungulira aja a muyezo wa IEC 60309, amabwera a ma amp 16, 32, 63 ndi 125, ndipo mtundu wake suli wokongoletsera: yabuluu ndi ya 230V, yofiira ndi ya 400V ya mafezi atatu, yachikasu ndi ya 110V. Yabuluu singalowe m'soketi yofiira ngakhale muikakamize. Dzino la earth ndi lonenepa, limakhudza loyamba polowetsa ndi kusiya lomaliza pozula.

Wina angati, basi ndigule ya nambala yaikulu nkhani ithe. Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. IP67 siikutsimikizirani kuti ipirira madzi a makina otsukira magalimoto, chifukwa kumiza ndi kupopera amaziyesa mosiyana. Ngati pamalopo pali zonse ziwiri, funani yolembedwa IP66/IP67, ndipo soketiyo muiike kumene mpopi suloza. Chinanso, nambalayo imakhala yoona pokhapokha pulagi italowa mpaka kumapeto, mphete yake itamangidwa, kapena chivindikiro cha soketi chitatsekedwa. Madzi ambiri salowera kumano ayi. Amayenderera pa waya n'kulowera kumbuyo, pamene pali kamphira kofinya waya. Waya akachepa kuposa kamphirako, kapena akakhala wophwatalala wa m'makoma uja, pulagi ya IP67 imasanduka kabotolo kosungira madzi. Panja pamafunika waya wozungulira wa mphira, monga wolembedwa H07RN-F, ndipo azilowera chapansi kuti madzi azidonthera kunja.

Nanga amene akuti jumbo yawasunga zaka zambiri? Sindikutsutsa kuti ali moyo. Koma jumbo imatsekera chinyezi m'kati, dzuwa likawomba imachita thukuta, mano a pulagi amachita dzimbiri, ndipo pamene pali dzimbiri pamatentha. Kuda kumene mumakuona mozungulira mabowo a soketi ndi pulasitiki yopserera, imene imayamba kudutsitsa magetsi ikanyowa. Za mtengo, n'zoona kuti mapulagi a m'mafakitale ndi odula kuposa a pamsika. Komabe safunika paliponse. Bokosi limodzi lokhomedwa pakhoma, pamwamba, pansi pa denga, lokhala ndi masoketi a IP44, limakwanira m'mashedi ambiri. IP67 muisungire pamene madzi amadikha pansi. Owotcherera aganizirenso kuti makina awo ambiri amakoka magetsi oposa ma amp 13, n'chifukwa chake fyuzi imapsa kawirikawiri mpaka wina amaikamo kawaya m'malo mwake. Pamenepo pakufunika pulagi ya ma amp 16 kapena 32 pa laini yakeyake.

Chimene chimateteza munthu ndi RCD ya ma milliamp 30, imene ambiri amaitcha earth leakage. Iyo imayerekeza magetsi opita ku makina ndi obwerera, ndipo akasiyana imazimitsa sekondi isanakwane. Dandaulo lodziwika ndi loti imathimitsathimitsa mvula ikagwa, ntchito n'kuima, ndiye ena amaidumphitsa ndi waya. Komatu ikathimitsa ikunena kuti magetsi akuthawira penapake, m'pulagi yonyowa, m'waya wong'ambika kapena m'mota ya pampu. Mukaidumphitsa, kuthawako sikusiya. Kumangodikira woti akhudze chitsulo. Mvula isanalimbe, dinani batani loyesera pa RCD yanu muone ngati ikuzimitsa. Ikapanda kutero, kapena ngati mulibe n'komwe, itanani mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA anyamata anu asanalumikizenso makinawo.