Mfumukazi Catherine: Mtengwa Wocokera ku Spain

M'zaka za pakati pa 1400 ndi 1600, nyengo imene Azungu amaichula Renaissance, ndiko kuti kutsitsimuka kwa maphunziro ndi luso, mwana wamkazi wa mfumu sanali kukwatiwa ndi mwamuna wa kumtima kwace. Mafumu awiri akafuna kupalana ubwenzi, kapena kugwirizana pa mdani mmodzi, wina anali kupereka mwana wace wamkazi kwa mwana wamwamuna wa mnzace, ndipo namwaliyo anali ngati cikole ca panganolo. Anali kusiya makolo, cinenero ndi miyambo ya kwao, napita ku citengwa kutsidya la nyanja, kawirikawiri osadzabwereranso. Kumeneko anthu anali kumuyembekeza cinthu cimodzi coposa zonse, ndico kubala mwana wamwamuna wodzalowa ufumu.

Mwa atengwa otere, wochuka kopambana m'mbiri ya ku England ndiye Catherine wa ku Aragon, mkazi woyamba wa Mfumu Henry VIII. Pamene anamuuza kuti abvomere kuti sanali mkazi wa mfumu konse, iye anakana kufikira imfa, ndipo kukana kwaceko kunatembenuza mbiri ya dziko lonselo.

Ubwana wace

Catherine anabadwa pa 16 December, 1485, m'mzinda wa Alcalá de Henares. Anali mwana wotsiriza wa Ferdinand, mfumu ya Aragon, ndi Isabella, mfumukazi ya Castile, amene ukwati wao unalumikiza maufumu awiriwo ndi kuyala maziko a dziko la Spain. Amai wacewo sanali mkazi wa mfumu cabe, koma mwini ufumu, woweruza milandu ndi woyenda ndi magulu a nkhondo. Catherine anali ndi zaka 6 pamene makolo ace analanda mzinda wa Granada m'caka ca 1492, ndipo cipatso ca khangaza, cizindikiro ca mzindawo, cinadzakhala cizindikiro cace ca moyo wonse. Anaphunzira Cilatini, mbiri yakale, malamulo ndi Malembo, pamodzi ndi nchito ya singano.

Ali ndi zaka 3 zokha, m'caka ca 1489, anamtomera kwa Arthur, mwana wamkulu wa Henry VII wa ku England. Henry ameneyu anatenga ufumu ndi nkhondo m'caka ca 1485, ndipo ambiri anali kumkaikira. Motero anafuna cibale ndi banja lomveka. Nayenso Ferdinand anafuna bwenzi lomthandiza polimbana ndi France. Mwambo wa mafumu a ku Ulaya unali wakuti cuma ca ukwati cicokere kwa atate wa mkazi, ndipo Ferdinand analonjeza ndalama 200,000 za mtundu wochedwa crown.

Mkwatibwi ndi wamasiye

Atabvutika ndi namondwe pa nyanja, Catherine anafika pa doko la Plymouth pa 2 October, 1501. Ukwati unacitika pa 14 November m'chalichi ca St Paul's ku London, mkwati ndi mkwatibwi onse ali ndi zaka 15. Womperekeza tsikulo anali mng'ono wa mkwati, mnyamata wa zaka 10, dzina lace Henry. Catherine sanali kudziwa Cingerezi. Iye ndi Arthur anali kulemberana makalata m'Cilatini, koma atakomana anapeza kuti kachulidwe kao ka cinenero comweco kanali kosiyana, kotero kuti kumvana kunali kobvuta. Anapita kukakhala ku linga la Ludlow, kufupi ndi Wales. Kumeneko onse awiri anadwala, ndipo pa 2 April, 1502, Arthur anamwalira, isanathe miyezi 5 ya ukwati.

Tsono panauka mlandu wa cuma. Theka lokha ndilo linali litaperekedwa. Henry VII sanafune kubweza thekalo, ndipo Ferdinand sanafune kupereka lotsalalo popanda ukwati. Potero m'caka ca 1503 anapangana kuti Henry wamng'ono adzalowe cokolo akakula. Malamulo a Mpingo anali kuletsa munthu kukwatira mkazi wa mbale wace, koma Papa Julius II anapereka cilolezo capadera. Catherine mwini ananena kuyambira pamenepo, ndipo sanasinthe mau ace moyo wace wonse, kuti iye ndi Arthur sanakhalirepo pamodzi monga mwamuna ndi mkazi.

M'caka ca 1504 Isabella anamwalira, ndipo ufumu wa Castile unapita kwa Juana, mkulu wace wa Catherine. Pomwepo mtengo wa wamasiyeyo unatsika m'maso mwa mpongozi wace, amene anayamba kuzengereza za ukwati ndi kumcepetsera ndalama za cakudya. Njobvu ziwiri zikamenyana wobvutika ndi udzu. Mwana wa mafumu awiri anafika pogulitsa mbale zace zasiliva kuti adyetse anchito ace, nalembera atate wace makalata odandaula za usiwa. Koma zaka 7 zimenezo zinamphunzitsa kupirira ndi kucenjera. M'caka ca 1507 Ferdinand anamuika kukhala kazembe wace ku England, ndipo olemba mbiri ambiri amati iye ndiye mkazi woyamba ku Ulaya kugwira nchito yotere.

Zaka za ulemerero

Henry VII anamwalira m'mwezi wa April, 1509, ndipo mfumu yatsopano sinacedwe. Henry VIII anakwatira Catherine pa 11 June ku Greenwich, ndipo pa 24 June onse awiri anabvekedwa zisoti zacifumu ku Westminster Abbey. Mkazi anali ndi zaka 23, mwamuna pafupifupi 18.

Akale anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma mlendo uyu anazika mizu. M'caka ca 1513 Henry anaoloka nyanja kukamenyana ndi France, nasiya dziko m'manja mwa mkazi wace. James IV, mfumu ya Scotland, poona kuti mwini mudzi wacoka, analowa ndi nkhondo kucokera kumpoto. Catherine anasonkhanitsa asilikali, zida ndi ndalama, nayamba ulendo wa kumpoto iye mwini. Asanafike, gulu lotsogozedwa ndi Thomas Howard linagonjetsa adaniwo pa Flodden pa 9 September, ndipo James anafera pomwepo. Mfumukazi inatumiza malaya amwazi a mfumu yakufayo kwa mwamuna wace ku France.

M'caka ca 1517 anyamata a ku London anaukira alendo a maiko ena ocita malonda mumzindamo, nathyola nyumba zao. Ena mwa anyamatawo ananyongedwa, ndipo ambiri analikuyembekeza cingwe. Catherine, mlendo iye mwini, anagwada pamaso pa mfumu kuwapepesera, ndipo anakhululukidwa. Anali kuthandizanso osauka ndi anthu ophunzira. Erasmus anamtama cifukwa ca nzeru zace, ndipo Juan Luis Vives anapereka kwa iye buku lace lonena za maphunziro a akazi Acikristu.

Cisoni cace cinali ca m'nyumba. Pakati pa 1510 ndi 1518 anakhala ndi pakati nthawi zosacepera 6. Pa 1 January, 1511, anabala mwana wamwamuna, ndipo dziko lonse linacita madyerero. Koma khandalo linamwalira litakhala masiku 52. Ena anapita padera kapena kufa atangobadwa. Mmodzi yekha anakula, ndiye Mary, wobadwa pa 18 February, 1516.

Mlandu waukulu wa mfumu

Kodi cifukwa ninji mwana wamkazi sanakwanire? Kufikira nthawi imeneyo panalibe mkazi amene anabvekedwa cisoti kulamulira England mwa iye yekha. Mmodzi, Matilda, anayesa m'zaka za m'ma 1100, ndipo dziko linagwa m'nkhondo ya paciweniweni. Ndiponso nkhondo zolimbirana mpando zimene atate wa Henry anazitsiriza zinali zisanaiwalike. Mfumu inaopa kuti ikafa yopanda mwana wamwamuna, mwazi udzakhetsedwanso. M'caka ca 1519 mkazi wina wamseri, Elizabeth Blount, anambalira mwana wamwamuna wamoyo, ndipo Henry anayamba kuganiza kuti bvuto liri mu ukwati wace. Pambuyo pace mtima wace unagwa pa Anne Boleyn, mmodzi wa anamwali otumikira mfumukazi, amene anakana kukhala mkazi wamseri. Iye anafuna cisoti.

Mpingo sunali kulola mitala, ndiponso sunali kumasula ukwati womangidwa bwino. Njira inali imodzi yokha, ndiyo kuti Papa anene kuti ukwatiwo sunali ukwati kuyambira paciyambi. Motero m'caka ca 1527 Henry anagwira lemba la Levitiko 20:21, loletsa kutenga mkazi wa mbale ndi kucenjeza kuti otero adzakhala opanda ana, nati imfa za ana ace ndizo cilango ca chimo limenelo. A mbali ya Catherine anayankha ndi Deuteronomo 25:5, lolamulira munthu kutenga mkazi wa mbale wace wakufa wopanda mwana, naonjeza kuti ukwati wa Arthur sunafike pokhala ukwati weniweni.

Papa Clement VII anali pakati pa moto uwiri. M'mwezi wa May caka comweco asilikali a Mfumu Yaikulu Charles V anafunkha mzinda wa Rome, ndipo Papa anakhala ngati wandende wace. Charles ameneyu anali mwana wa Juana. Catherine anali mai wace wamng'ono. Papa anatuma Kadinala Campeggio ku England kuti akaweruze pamodzi ndi Kadinala Wolsey, nduna yaikulu ya Henry. Campeggio anapempha mfumukazi kuti ilowe m'nyumba ya masisitere mwaufulu, mlandu uthe mwakacetecete. Catherine anakana, nati Mulungu anamuitanira ku ukwati. Anadziwanso kuti kugonja pa mlanduwo kukanatanthauza kuti zaka zonsezo anakhala m'cigololo, ndi kuti Mary ndi mwana wapathengo, wopanda gawo pa mpando wa atate wace.

Bwalo linakhala ku Blackfriars, mu London. Pa 21 June, 1529, mfumu ndi mfumukazi anaitanidwa maina pamaso pa anthu. Catherine ananyamuka pampando wace, nadutsa pakati pa bwalo, nagwada pa mapazi a mwamuna wace, anthu onse ali cete. Anati iye ndi mkazi wosauka, wobadwira kunja kwa ufumuwo, wopanda bwenzi lodalirika kapena womweruza mosakondera. Kuti wakhala mkazi woona ndi womvera zaka 20. Kuti ana anabala, ngakhale Mulungu anawatenga. Ndi kuti pamene mfumu inamtenga anali namwali wosadziwa mwamuna, ndipo pa ici mtima wa mfumu yomwe ucitire umboni. Mfumu sinatsutse mau otsirizawa. Catherine anaiweramira, naturuka. Anamuitana katatu kuti abwerere, koma sanaceuke. Mwezi wotsatira bwalo linabalalika popanda cigamulo, ndipo mlandu unasamutsidwira ku Rome. Wolsey anacotsedwa pa udindo, namwalira m'caka ca 1530.

Masiku otsiriza

M'mwezi wa July, 1531, Henry anacoka ku Windsor osatsazika mkazi wace, ndipo sanadzaonanenso. Catherine anasamutsidwa nyumba ndi nyumba, naletsedwa kuonana ndi Mary. Poona kuti Rome sadzampatsa cimene afuna, Henry anaganiza zocotsa dziko lace m'manja mwa Papa. Anakwatira Anne mobisa m'mwezi wa January, 1533, ndipo pa 23 May Thomas Cranmer, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury, anagamula kuti ukwati woyamba unali wacabe. Papa anagamula mosiyana m'mwezi wa March, 1534, koma m'caka comweco Nyumba ya Malamulo inalengeza kuti mfumu ndiyo mutu wa Mpingo wa ku England. Bishopu John Fisher, amene anaimira Catherine pa bwalo, ndi Thomas More, anakana kubvomereza zimenezi, nadulidwa mitu m'caka ca 1535.

Nduna zinauza Catherine kuti dzina lace tsopano ndi wamasiye wa Arthur. Iye anatenga colembera, nafafaniza mauwo pa kalata yao, ndipo sanayankhe munthu aliyense wosamchula Mfumukazi. Komabe pamene Eustace Chapuys, kazembe wa Charles, anamuonetsa kuti ambiri ali okonzeka kuukira mfumu cifukwa ca iye, anakana kukhala ciyambi ca nkhondo pa mwamuna wace ndi pa anthu amene anamlandira.

Anamwalira ku Kimbolton pa 7 January, 1536, ali ndi zaka 50. María de Salinas, mnzace wa ku Spain amene anamtumikira kuyambira utsikana, anayenda ulendo wa m'cisanu nalowa m'lingamo popanda cilolezo, kuti mbuye wace asafe yekha. Otumbula mtembo anapeza mtima uli wakuda, ndipo mbiri inabuka yakuti anamdyetsa mankhwala. Koma madokotala a masiku ano amaganiza kuti inali nthenda ya khansa. Anaikidwa ku Peterborough pa 29 January monga wamasiye wa Arthur, ndipo Mary sanaloledwe kupita ku maliro a amai wace. Pa 19 May caka comweco Anne Boleyn, amenenso anabala mwana wamkazi mmodzi yekha, Elizabeth, anadulidwa mutu.

Henry anakwatira akazi 6 onse pamodzi. Wacitatu, Jane Seymour, anambalira Edward, amene analamulira zaka 6 zokha, namwalira m'caka ca 1553 ali mnyamata wa zaka 15. Pamenepo cisoti cinafika kwa Mary, mwana uja amene Catherine anamlimbira mtima, ndipo Nyumba ya Malamulo inalengeza kuti ukwati wa makolo ace unali woona. Ufumu wa Mary unali waufupi ndi wowawa, pakuti poyesa kubwezera dziko kwa Papa anatentha anthu pafupifupi 300. Atamwalira m'caka ca 1558 analowa Elizabeth, nalamulira zaka 44. Motero mfumu imene inasiya mkazi wace poopa ulamuliro wa mwana wamkazi inalowedwa m'malo ndi ana akazi awiri. Pa manda a Catherine m'chalichi cacikulu ca Peterborough pali tsopano zilembo zagolidi zomchula Mfumukazi ya England, dzina limene anakana kulibvula, ndipo alendo odzaona mandawo amasiyapo makangaza.