Mure: Utomoni Wowawa Umene Unakhala Mphatso ya Mfumu

Khirisimasi ikafika timamva za anzeru a kum'mawa amene, malinga ndi Mateyu 2:11, anabweretsera mwana Yesu golide, lubani ndi mure. Golide tonse timamudziwa. Lubani ena mwa inu munamuonapo akufuka m'tchalitchi. Nanga mure ndi chiyani? Chinthu chimodzi chomwechi chikupezeka pa kubadwa, m'nyimbo za chikondi, m'chihema cha Mulungu, pamtanda ndiponso kumanda. Ine monga mphunzitsi wa fizikisi ndimaona kuti yankho layambira pa tsinde la mtengo wovulala.

Bala la mtengo

Mure amachokera ku kamtengo ka minga kotchedwa Commiphora myrrha, kamene kamamera m'malo ouma ndi amiyala ku Somalia, Ethiopia, Yemen ndi Oman. Ndi ka banja limodzi ndi mtengo wa lubani. Khungwa likang'ambika, kapena munthu akalitema ndi mpeni, pamatuluka utomoni wachikasu. Ukaombedwa ndi dzuwa ndi mphepo umauma n'kusanduka timibulu tolimba tofiirira, ndipo okolola amabweranso kudzatitola. Ngati munaonapo utomoni pa tsinde la mango kapena paini, ndi zomwezo basi. Mtengowu sutulutsa utomoni pofuna kutisangalatsa ayi. Ukutseka bala lake kuti madzi asatayike, komanso kuti tizilombo ndi nkhungu zisalowe.

Mukaulawa ndi wowawa zedi. M'Chiheberi dzina lake ndi mor, ndipo limachokera ku tsinde la mawu otanthauza kuwawa. Mukukumbukira Naomi m'buku la Rute, atafedwa mwamuna ndi ana, ankafuna kuti anthu azimutchula Mara? Ndi tsinde lomweli. Apa Chichewa chathu chikutithandiza, chifukwa nafenso kuwawa kwa m'kamwa ndi kuwawa kwa mumtima timakutchula ndi liwu limodzi.

Fungo limayenda bwanji?

Kambulu ka mure kali ndi zinthu zitatu. Pali gawo limene limasungunuka m'madzi, pali gawo lokana madzi koma losungunuka mu alcohol, ndiye pali mafuta ochepa onunkhira. Fungo lonse lili m'mafuta amenewa.

Kuti mphuno yanu imve fungo, mamolekyulu ayenera kuchoka pa chinthucho n'kulowa mumpweya. Imeneyo ndi evaporation. Kenako amamwazikana kuchokera pamene achuluka kupita pamene achepa. Imeneyo ndi diffusion, yomwe ija timaphunzira m'kalasi. M'kambulu kouma, mamolekyulu ambiri ndi otsekeredwa mkati, ndipo amathawa pang'onopang'ono kudzera pamwamba pokha. N'chifukwa chake amalonda ankatha kunyamula mure pa ngamira miyezi yambiri m'chipululu cha Arabia, n'kukafika naye akadali ndi fungo. Mukamusinja, malo otulukira amachuluka. Mukamutenthetsa, mamolekyulu amapeza mphamvu zambiri ndipo amathawa msanga.

Tsopano taonani Nyimbo ya Solomo 1:13, pamene mkazi akufanizira wokondedwa wake ndi kathumba ka mure kogona pachifuwa pake. Thupi la munthu limatentha pafupifupi madigiri 37, kutentha kokwanira kumatulutsa fungo pang'onopang'ono usiku wonse. Wolemba nyimboyi sankadziwa za mamolekyulu, koma ankadziwa zimene mure amachita akakhudza khungu lofunda. Pa Estere 2:12 timawerenganso kuti atsikana opita kwa mfumu ya Persia ankadzola mafuta a mure miyezi 6, kenako zonunkhira zina miyezi inanso 6.

Masamu a mafuta opatulika

Pa Eksodo 30:23-25, Mose akulamulidwa kupanga mafuta odzozera chihema, ziwiya zake ndi ansembe. Muyeso wake ndi uwu: mure masekeli 500, sinamoni 250, bango lonunkhira 250, kasiya 500, ndi mafuta a maolivi hini imodzi. Mafutawa anali oletsedwa kwa munthu wamba, ndipo wowapanga kuti azidzola kunyumba ankayenera kuchotsedwa pakati pa anthu ake.

Tengani cholembera. Sekeli imodzi inali pafupifupi magalamu 11. Ndiye mure yekha ndi makilogalamu 5.5, ndipo zonunkhira zonse pamodzi, masekeli 1,500, zikupitirira makilogalamu 16. Koma hini imodzi ndi malita osakwana 4. Makilogalamu 16 m'malita 4? Zimenezo si mafuta odzola, ndi phala lolimba!

Aphunzitsi achiyuda akale analiona vutoli, ndipo anakambirana m'mabuku a Talmud. Mmodzi ankati zonunkhirazo ankaziwiritsa m'mafutamo. Wina anatsutsa kuti mafutawo sakanakwana n'komwe kuzinyowetsa. Iye ankati ankayamba kuziviika m'madzi, kenako n'kuthira mafuta pamwamba kuti ayamwe fungo, pomaliza n'kuwayengula. Yankho lachiwirili ndi fizikisi yeniyeni. Mafuta a maolivi ndi opepuka kuposa madzi: lita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 910, pamene ya madzi ndi magalamu 1,000. Choncho amayandama. Mamolekyulu onunkhira nawo amagwirizana ndi mafuta kuposa madzi, ndiye amasamukira m'mafutamo.

Pamtanda ndi kumanda

Marko 15:23 akuti Yesu atafika ku Gologota anamupatsa vinyo wosakaniza ndi mure, koma iye anakana. Pakutha pa zimene taona zija, vinyo si chisankho cha mwangozi: alcohol amasungunula zinthu za mu mure zimene madzi sangathe. Owerenga ambiri amamva kuti chakumwachi chinali chochepetsa ululu, ndipo kuti pochikana Yesu anasankha kumva zowawa zonse ali maso.

Kodi mure amachepetsadi ululu? M'chaka cha 1996, Piero Dolara ndi anzake a ku yunivesite ya Florence ku Italy anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Nature. Anapeza kuti zinthu zina za mu mure zinachepetsa ululu pa mbewa, podzera m'njira zomwezo za mu ubongo zimene mankhwala a morphine amadutsamo. Koma samalani: zotsatira za pa mbewa si umboni wa mmene munthu wokhomedwa misomali akanamvera.

Yohane 19:39 akuti Nikodemo anabweretsa mure wosakaniza ndi aloe wolemera mapaundi achiroma pafupifupi 100. Paundi yachiroma inali magalamu pafupifupi 327, ndiye mukachulukitsa mupeza makilogalamu 33, magawo awiri mwa atatu a thumba la chimanga la makilogalamu 50. Kwa chinthu chodula, chochokera kutali, umenewo ndi muyeso wa maliro a mfumu. Mure ankaphimba fungo la mtembo, ndipo anthu a ku Egypt ankamugwiritsa ntchito pokonza mitembo kuti isawole msanga. Ntchito imene utomoni unkagwira pa bala la mtengo, yolimbana ndi tizilombo, ndi yomweyo anthu ankaifuna pa thupi la wakufa.

N'chifukwa chake Irenaeus, mlembi wachikhristu wa m'zaka za m'ma 100, anamasulira mphatso zitatu zija motere: golide akusonyeza ufumu, lubani umulungu, mure imfa. Tanthauzo limeneli ndi la chikhulupiriro, sayansi singalipime pa sikelo. Chimene sayansi ingathe ndi kutionetsa chifukwa chake chinthu chowawa, chonunkhira ndi chosaonongeka msanga chinali choyenera kulinyamula.

Lero bwanji?

Mure akupezekabe m'mafuta onunkhira ndi m'mankhwala ena otsukira m'kamwa. Koma kutchulidwa m'Baibulo sikumusandutsa mankhwala a matenda onse. Wina akakugulitsani kabotolo n'kunena kuti kachiza malungo kapena shuga, sungani ndalama zanu, pitani kuchipatala. Amayi oyembekezera amalangizidwanso kuti asamwe mure.

Nayi ntchito ya kunyumba. Dulani makoko a lalanje tizidutswa ting'onoting'ono, muviike m'kapu ya madzi ofunda, muthire mafuta ophikira pang'ono pamwamba, muvundikire. Mawa lake yengulani mafutawo ndi supuni, muwanunkhize, muwayerekeze ndi otsala m'botolo. Kenako lembani m'kope mwanu: fungolo lachoka kuti, ladutsa kuti, ndipo n'chifukwa chiyani mafutawo sanamire?