MWANA WA NKHANU YA M'NYANJA YA MCHERE

Ndili mwana ndinkakonda kugwira nkhanu kumtsinje. Nthawi zina ndikatembenuza yaikazi ndinkapeza tiana tambiri titabisala kumimba kwake, tofanana ndendende ndi make. Choncho aphunzitsi a Biology atatiuza kuti mwana wa nkhanu safanana ndi make, ine ndinatsutsa molimba mtima. Iwo anaseka, nandiuza kuti tonse awiri tikunena zoona, koma ndikawerenge za nkhanu za m'nyanja ya mchere. Zimene ndinapeza ndi izi.

Titenge nkhanu yaikulu yotchedwa Scylla serrata, imene imakhala m'matope a m'mphepete mwa nyanja ya Indian, monga ku Mozambique. Yaikazi imanyamula mazira opitirira 1 miliyoni kumimba kwake, ndipo nthawi yoswa ikayandikira imasiya matope n'kupita kutali m'nyanja kumene madzi ali ndi mchere wokwanira. Chimene chimatuluka m'dziramo si kankhanu ayi. Ndi kachilombo kotalika ngati milimita imodzi, ka maso akuluakulu, kamchira, ndi minga yaitali pamsana ndi pamphumi. Dzina lake ndi zoea. Sikayenda pansi, kamangoyandama n'kumadya tizilombo tochepa kuposa iko. Popeza chigoba sichikula, kamafundula monga ichitira njoka, ndipo mu mtundu umenewu kamadutsa misinkhu isanu ya uzoea pa masabata awiri kapena atatu.

Kenaka kamasanduka megalopa. Apa zala zopanira zaoneka, koma mchira ukadali wotambasuka ndipo ndi umene kamasambira nawo pobwerera kugombe. Kakafundulanso, mchira uja umapindikira kumimba, basi yakhala nkhanu. Ambiri mwa ana aja safika pamenepa: amadyedwa ndi nsomba kapena kutengedwa ndi madzi. N'chifukwa chake mazira amachuluka chotere.

Chimene chinandisangalatsa koposa n'chakuti ngakhale akatswiri anasokonezeka. Mu 1802 Mfalansa wina, Louis Bosc, anapatsa kachilomboka dzina la Zoea poganiza kuti ndi nyama ya mtundu wakewake. Mu 1828 John Vaughan Thompson, dotolo wa asilikali wokhala ku Cork, m'dziko la Ireland, analemba kuti anaona zoea akutuluka m'mazira a nkhanu. Anzake ambiri sanamukhulupirire. Mu 1835 J. O. Westwood anamutsutsa poyera, atayang'ana mazira a nkhanu ina ya ku West Indies n'kupeza kuti muli tinkhanu tathunthu. Westwood sananame pa zimene anaona. Kulakwa kwake kunali kuganiza kuti nkhanu zonse zili choncho. Ndimomwenso ndinalakwira ine m'kalasi muja, ngakhale zinanditonthoza kuti ndinalakwa pamodzi ndi munthu wophunzira.

Nanga bwanji nkhanu zathu za m'mitsinje ndi m'Nyanja ya Malawi sizikhala ndi zoea? Taganizani kachilombo koyandama katakhala mumtsinje nthawi ya dzinja: madzi angakakokolole tsiku lomwelo. Motero nkhanu zathu zimaikira mazira ochepa koma akuluakulu, okhala ndi chakudya chambiri. Misinkhu yonse ija mwana amaidutsa ali m'kati mwa dzira, ndipo potuluka amakhala ali kale nkhanu. Make amamusungabe kumimba kwa kanthawi, ndipo tiana timeneti ndi tomwe ndinkatiwona kumtsinje kwathu.