Kodi mumadziwa? Nkhawa ya okalamba ili ndi muyeso wakewake

Mafunso opimira nkhawa angathe kusokeretsa dokotala ngati woyankhayo ndi wokalamba. Mndandanda wa Beck Anxiety Inventory, wa mfundo 21, umafunsa kwambiri za kugunda kwa mtima, chizungulire, kunjenjemera ndi kubanika. Kwa agogo, zimenezi zingayambe ndi matenda a mtima, a mapapo kapena mankhwala amene akumwa.

N'chifukwa chake mu 2007 Nancy Pachana ndi anzake a ku University of Queensland ku Australia adatulutsa Geriatric Anxiety Inventory. Muli ziganizo 20, zambiri zokhudza maganizo, ndipo munthu amangovomera kapena kukana. Mu 2011 kudatulukanso mndandanda waufupi wa ziganizo 5.

Muyeso wabwino umapereka zotsatira zofanana ukabwerezedwa, ndipo umapima nkhawa yeniyeniyo osaisokoneza ndi matenda ena.